A Mbewe, Ozula Chingwe Lachitatu

Mwezi uno chakwana chaka chiwaikire m'manda a Gedioni Mbewe, ndipo ine sindinawathokozebe. Ndinali ndi zaka zitatu zathunthu zoti ndikwere minibasi, ndikatsike pa Katete, ndikakhale pakhonde pawo n'kunena mawu awiri okha. Sindinapite. Lero ndikulemba, ngakhale ndikudziwa kuti akanandipeza ndi pepalali akanandifunsa ngati ndayamba ndaona kuti timagetsi tobiriwira tikuyaka tonse titatu.

Ndinene msanga chimene ndikuwathokozera, mwina mtima ungatsike. Chala changa ichi chinatsala pang'ono kupha mayi wina woyembekezera, dzina lake Esinati. Amene anathamanga kukatchinga imfayo anali mkulu wa imvi mutu wonse, pa njinga yamoto, m'matope a mu Febuluwale. Mayiyo mpaka lero sakudziwa.

Ine ndine kalaliki pa kiliniki ya mpingo ku Sinda. Ndimalemba odwala akamalowa, basi. Mpingo wathu uli ndi malo atatu: chipatala chokulirapo ku Katete, kiliniki yathu, ndi kakiliniki kena kutali uko ku Vubwi. Makadi a mapepala anatha kale. Mbiri ya wodwala aliyense, matenda ake, mankhwala amene amamwa ndi amene thupi lake limakana, zonse zimakhala m'makompyuta awiri aakulu otchedwa maseva, imodzi ku Katete, ina kwathu. A Mbewe ndiwo ankawasamala.

Tsiku loyamba kundifotokozera sanayankhule za m'mabuku. Anati seva ya ku Katete ndi Bambo, ya ku Sinda ndi Mayi, ndipo cholembera m'banjamo n'chimodzi. Bambo akamalemba, Mayi amakopera nthawi yomweyo. Bambo akagwa, Mayi amatola cholembera, ntchito n'kumapitirira, wodwala pamzere osadziwa kanthu. Awiriwa amapatsana moni pa chingwe choyenda pansi m'mbali mwa msewu waukulu, moni wosalekeza. Koma moni ukaleka, Mayi adziwa bwanji ngati Bambo amwalira kapena njira yangoduka? N'chifukwa chake ku Vubwi kuli kabokosi kachitatu, kolumikizidwa mwa njira yake ina, kakang'ono ngati Baibulo la m'manja, kopanda sikirini. Kameneko a Mbewe ankakatcha Ankhoswe. Sikasunga mbiri ya munthu aliyense. Ntchito yake n'kungonena woyenera kutola cholembera. Ndipo moni ukaduka, Ankhoswe osapezekanso, onse awiri amapinda manja, salemba kanthu. A Mbewe anazikonza dala motero, ati atambala awiri salira m'khola limodzi.

Ndinaseka. Ndinati, "A Mbewe, ndiye kuti makina anuwa amatengerananso kubwalo?"

"Sekani, aNabanda," anatero. "Tsiku lina mudzawafuna Ankhoswe amenewa."

Munthu uja sankakhala pansi. Abale, sindikukokomeza. Tiyi ankamwa chilili, kapu dzanja ili, dzanja linalo lili kumbuyo kwa makina kumva kutentha. M'tchalitchi ankasankha benchi ya kukhomo, ndipo akazi awo ankadandaula kuti ulaliki ukangotalika pang'ono, a Mbewe atuluka kale, ali kuseri akuyang'ana mawaya a chokuzira mawu. Pa unyamata wawo ankakwera mapolo a lamya m'mbali mwa msewu womwewu. Mawaya a m'mwamba atatha ntchito, anzawo anabwerera kumunda, koma iwo anagula mabuku akale ku Chipata n'kuyamba kuphunzira makompyuta ali kale ndi ana asanu. Chizungu chawo chinali chotsimphina, koma makina ankawamva. M'thumba la malaya munkakhala sikuludiraiva, cholembera chofiira ndi nsawawa zokazinga, zonse pamodzi, moti nsawawa akakupatsa zinkanunkha chitsulo.

Chodabwitsa n'chakuti zinthu zikawonongeka, ndi pamene ankadekha. Ife tikafuula kuti kompyuta yaima, iwo ankalowa mwakachetechete, n'kuyamba anunkhiza chipinda. Kenako funso lawo lomwelomwelo: chasintha n'chiyani chiyambire dzulo? Ndani analowa muno, anagwira chiyani, anasesa kuti? Ankadana kwambiri ndi khalidwe lathu lozimitsa n'kuyatsanso. Ankati kumeneko n'kumenya mwana wolira usanamufunse pomwe pakuwawa. Angatonthole, koma mawa aliranso. Ankayambira pakhoma, pa soketi, n'kumatsata chingwe ndi zala mpaka kumakina. Ndipo sankasintha zinthu ziwiri nthawi imodzi, ati zikachira sudzadziwa chimene chachiritsa.

Okutobala wina, kunja kukuwotcha, Bambo ndi Mayi anayamba kulandana cholembera. Mphindi zingapo chili uku, mphindi zingapo chili uko, makompyuta athu n'kumangouma. Akatswiri a ku Lusaka pafoni anati makina akalamba, tigule atsopano. A Mbewe anaima theka la tsiku akuwerenga buku limene makina amadzilembera okha, mzere ndi mzere, akutafuna nsawawa. Kenako anangoti, "Ehee." Bambo ankati nthawi ndi ina, Mayi ankati ndi ina, kusiyana mphindi zisanu ndi ziwiri. Moni wa mnzake aliyense ankauyesa wakale. Chimene chinafa chinali kabatire kakang'ono ngati batani la malaya. Anakasunga kabatire kakufako m'kabotolo, n'kumakaonetsa aliyense wonena zogula makina atsopano. Ulendo wina vuto linali khoswe, ulendo wina fumbi litatseka fani. Nthawi zonse kanali kanthu kochititsa manyazi.

Koma chimene anthu ankawadziwa nacho ndi Lachitatu. Lachitatu lililonse, 10 koloko m'mawa, odwala ali pamzere, a Mbewe ankalowa m'kachipinda ka seva ku Katete, n'kuzula chingwe cha Bambo. Dala! Ankaima ndi wotchi m'manja kuyang'ana thabwa limene anakhoma pakhoma, lokhala ndi timagetsi titatu tobiriwira, ka Bambo, ka Mayi ndi ka Ankhoswe. Mayi akatola cholembera, ankalemba nthawi m'buku la sukulu, n'kubwezera chingwe. Sabata inayo ankabwera kwathu kudzazula Mayi, poti nafenso anatikhomera thabwa lotere.

A Mwale, mkulu woyendetsa chipatala, ankachita kuthothoka tsitsi nazo. Iwo ndi munthu wa m'tauni, wa taye ndi nsapato zowala. Tsiku lina ndinapita ku Katete kukasiya mafomu, ndinawapeza akukangana pakhonde.

"Manje a Mbewe, n'chiyani ichi? Sisitemu ili bwinobwino, inu mukuipha nokha. Bwanji osachita Sande, kulibe anthu?"

"Mphezi simasankha Sande, bwana."

"Tsiku lina izakana kuuka. Muzatiuza chiyani?"

"Ikakana kuuka ine nditaima pomwepo, chingwe chili m'manja, ndibwezera. Ikakana kuuka ine ndili kumaliro, mudzabwezera chiyani inu?"

A Mwale anangotsonya n'kulowa mu ofesi. A Mbewe ananditembenukira n'kundiuza kuti tayala la sipeya ambiri amalidziwa kuti laphwa tsiku limene aphulitsa. Mkangano umenewu unali wa sabata ndi sabata, ngati nyimbo ya m'buku.

Panalinso maenvulopu. Malo awiri aja, ku Katete ndi kwathu, anasiya envulopu yomata m'dirowa. M'katimo munali mzere umodzi wa mawu, woti ukaulemba pa seva, imatola cholembera mokakamiza popanda kufunsa Ankhoswe. Inali ya tsiku loipa, moto kapena chigumula. Pamwamba analemba ndi cholembera chofiira chija: OSATSEGULA MPAKA MUNTHU ATAONA NDI MASO KUTI INZAKE YAZIMA. Anandiwerengetsa mokweza kawiri. Ndinawaseka kuti akundiyesa mwana wa giredi yoyamba.

Tsono sabata ija.

Lolemba a Mbewe anaona kuti kagetsi ka Ankhoswe kazima. Anaimba ku Vubwi, nesi wa kumeneko anati kabokosiko kali pashelefu pomwe kamakhala, kali bwinobwino. Mtima wawo sunakhazikike. Lachiwiri m'mamawa anakwera njinga kulowera njira ya ku Chadiza, mvula itagwa masiku anayi osaleka.

Tsiku lomwelo, cha m'ma 9 koloko, anthu okumba ngalande m'mbali mwa msewu waukulu anadula chingwe chija. Ife sitinadziwe. Tinangoona makompyuta akukana kulemba, kagetsi ka Bambo pa thabwa lathu katazima. Mafoni nawo anafa. Ndinaimba ku Katete kawiri, osapita. Mzere unakula mpaka kutuluka pakhonde, amayi ndi ana kumbuyo akunyowa, ena akutukwana. Adokotala athu anasuzumira katatu, kachitatu anafunsa ngati ndinalembedwa ntchito yoyang'ana sikirini. Ndinakumbuka kuti chaka chathacho mphezi inagwera ku Katete n'kupha Bambo masiku awiri, ndipo m'mawa wa Lachiwiri limenelo kunkagunda mbali ya ku Katete komweko. Ndinadziuza ndekha kuti Bambo amwalira, nanga n'chiyaninso? Ndinang'amba envulopu. Ndinalemba mzere uja, n'kudina.

Mayi anatola cholembera. Makompyuta anatseguka. Amayi ena pamzere anachita kuwomba m'manja, ine n'kumadzimva ngati munthu. Ha! Safunsa anadya phula.

Sindinadziwe kuti ku Katete, ola lomwelo, a Mwale nawonso ang'amba yawo, poganiza kuti ku Sinda madzi alowa m'nyumba. Bambo anali moyo, akulemba. Mayi anali moyo, akulemba. Aliyense buku lake.

Esinati anafika chakumasana pa ngolo, ndi apongozi ake aakazi. Mimba ya miyezi isanu ndi itatu, thupi lotentha, akubuula. Adokotala anamubaya nyeleti. Asanafike ngakhale pakhomo, milomo inayamba kutupa, mpweya ukuchita kulira mluzu pakhosi. Kunali chipwirikiti, abale. Anamugoneka pansi, anamubaya ina, anamupatsa mpweya, apongozi akulira kuitana mayina a akufa. Mulungu anamubweza. Adokotala anabwera pa tebulo langa thukuta lili chuchuchu, anati, "Lembani ndi zofiira. Mankhwala awa, ndi ena onse a mtundu wake, mayi uyu asadzabayidwenso. Ulendo wina sitidzamubweza." Ndinalemba. Ndinawerenganso kuti ndione ngati ndalemba bwino.

Esinati anagona pa kiliniki yathu. Lachitatu m'mawa anamukweza galimoto ya mpingo kupita ku Katete, poti mwina mwana akanafunika kumuchotsa ndi opaleshoni. Kapepala kotumizira kanali ndi dzina ndi nambala basi, chifukwa lamulo la a Mwale linali lakuti zonse zili mu sisitemu. Kapepala kameneko ndinalemba ndine.

Za ku Vubwi ndinazimva pambuyo pake. A Mbewe anagona kutsidya kwa kamtsinje kodzaza, anafika pa kilinikiyo kutangocha. Pulagi ya Ankhoswe anaipeza ili gone kuseri kwa furiji ya katemera. Nesi anafotokoza mosabisa. Mitambo ya masiku ambiri inafooketsa mabatire a sola, furiji inayamba kulira, ndiye anazula chilichonse chimene sichinkagwira ntchito: wailesi, chaja, ndi kabokosi kaja kamene palibe anakaonapo kakuchita kanthu. A Mbewe sanamukalipire. Anati katemera ndi wa ana, iwonso akanazula. Anabwezera pulagi, natsegula kompyuta yawo ya m'chikwama kuti aone. Ankhoswe atafunsa kuti cholembera chili kwa yani, anayankha awiri.

A Mbewe anadzandiuza kuti anazindikira ngoziyo pomwepo. Ankadziwa kuti okonza chingwe akangolumikiza, makina awiriwa akumana, ndipo Bambo, poti ndi wamkulu, afufuta zonse zimene Mayi analemba okha. Anakwera njinga tiyi osamwa. Ku Katete anafika cha m'ma 11, anazimitsa Bambo, a Mwale akuwalondola kumbuyo akufuula zowachotsa ntchito. Anauza manesi kuti abwerere ku mapepala, n'kupitirira ulendo wa kwathu. Anadutsa pafupi ndi zenera la wodi ya amayi, osadziwa amene wagona m'katimo.

Kwathu analowa popanda odi, matope mpaka m'maondo. Anapita kumbuyo kwa Mayi, anazula chingwe, anazimitsa. Ndi pamene anandiyang'ana.

"ANabanda, envulopu ili kuti?"

Ndinatsegula dirowa. Anaiona yong'ambika.

"Mwalemba anthu angati chiyambire dzulo?"

"Sindinawerenge. Ambiri."

"Ambiriwo tiwaona. Ndani mwamutumiza ku Katete?"

Mayo ine! Ndinakumbukira Esinati. Mzere wofiira uja unali m'mimba mwa Mayi, kuno. Ku Katete mbiri ya Esinati inali yoyera, ndipo adokotala a kumeneko anali ataiona kale m'mawa, Bambo asanazimitsidwe. Ndinatchula dzina lake. Ndinatchula mankhwala.

"Ku wodi amagawa mankhwala nthawi yanji?"

"2 koloko."

Anayang'ana wotchi. "Kwerani."

Chibadwire sindinakwerepo njinga yamoto mwa mtundu umenewo. Chitenje chinanyowa, nsapato imodzi inatsala pamsewu, ine ndikungogwira jekete lawo n'kumapemphera mawu osamveka. Tinadutsa okumba ngalande aja ataima mozungulira dzenje, wina atanyamula nsonga ziwiri za chingwe. A Mbewe sanatembenuke n'komwe. Malole akuluakulu ankatithira madzi kumaso. Ndinawafuulira kukhutu kuti, "Nanga tikapeza amubaya kale?" Anayankha kuti, "Gwirani zolimba."

Pakhomo la wodi ya amayi, sisita wamkulu anatitsekereza. Anati amuna salowa nthawi ino, makamaka ndi majombo otere. A Mbewe anawerama, anavula majombo, anawaika bwinobwino pambali, n'kulowa ndi masokosi obooka zala. Sisita anangoti kukamwa yasa.

Nesi wokankha tirole ya mankhwala anali pa bedi lachiwiri kuchokera pa Esinati. Ndinathamanga n'kumugwira mkono, ndinatchula mankhwala a dzulo. Anatola kabotolo kamene kanali pa kapepala ka Esinati, anawerenga dzina mokweza. Dzina linali lina, koma mtundu womwewo. Anakabwezera pa tirole pang'onopang'ono, ngati kangaphulike. Apongozi aja, ali pansi pafupi ndi bedi, anati, "Tinawauzatu kuti nyeleti inamudwalitsa dzulo. Anati iyi n'ina."

Esinati anatsegula maso, thupi likadali moto. Anayang'ana mkulu wamatope ataima pakati pa wodi, nafunsa apongozi ake ngati bambowo abwera kudzakonza mpope.

Titatuluka, a Mbewe anakhala pansi. Pa sitepe yonyowa, majombo ali m'manja, mutu uli pa maondo. Zaka zonse zimene ndinawadziwa, ndi tsiku lokhalo limene ndinawaona atakhala osakakamizidwa. Ine ndinaima pambali ndikulira, phazi limodzi lopanda nsapato. Sizinathe mphindi ziwiri. Anadzuka, anavala majombo, anati kuli ntchito.

Masiku atatu otsatira tinali m'kachipinda ka seva. Anasindikiza zonse zimene Bambo analemba okha ndi zonse zimene Mayi analemba okha, n'kuziyala pa tebulo. Ine ndinkawerenga, iwo akutsata ndi rula, kenako n'kulemba ndi zala ziwiri, munthu mmodzimmodzi. Ndinkalakalaka atandikalipira kuti zithe. Sanatero. Lachisanu, tikufika pa dzina la Esinati, anangonena kuti makina aja anachita bwino, anapinda manja monga anawaphunzitsira. Amene analephera kupirira ndi anthu. Anati mnzako akakhala chete sikuti wafa, umayamba wapita kukamuona. Kenako anandipatsa nsawawa.

Komiti ya mpingo inakhala pansi mwezi womwewo. A Mwale anapereka lipoti loti sisitemu inaima masiku anayi chifukwa a Mbewe anaizimitsa. Mkulu wina wa mpingo anafunsa kuti nanga ku Sinda anatsegula envulopu ndani. Ine ndinali pomwepo, pampando wa kumbuyo. A Mbewe anali chilili pafupi ndi khomo monga mwa masiku onse.

"Envulopu ndinalemba ndine," anatero. "Soketi ya ku Vubwi ndinasankha ndine, pamodzi ndi furiji. Mukafuna wolakwa, ndi amene wayima panoyu."

A Mwale anayang'ana nsapato zawo zowala zija. Ine ndinayang'ana zala zanga. Palibe mwa ife awiri anatsegula pakamwa, ndipo manyazi a tsiku limenelo ndikadali nawo. Chaka chotsatira komiti inauza a Mbewe kuti akula, akapume. Ntchito inapatsidwa kampani ina ya ku Lusaka, yoyang'anira makina ili komweko. Zozula chingwe Lachitatu zinathera pomwepo.

Asanachoke anapitanso ku Vubwi komaliza. Anachotsa sola ya padenga la nyumba yawo, akazi awo akudandaula kuti wailesi aziimvera chiyani, n'kukaimangira Ankhoswe paokha, ndi batire lawolawo. Pakhoma pamwamba pa kabokosiko analemba ndi penti: OSAZULA. KAKUGWIRA NTCHITO.

Kupuma sikunawayanje. Ankati akalima mizere iwiri ya soya, n'kuyamba kuzungulira mudzi kufunsa amene ali ndi wailesi yakufa. Akakumana ndi nesi kumsika, moni usanathe anali atafunsa kale za timagetsi. Atadwala, anagonekedwa m'chipatala chomwecho, ndipo manesi amati mpaka tsiku lomaliza ankadandaula kuti wotchi ya pakhoma la wodi yatsalira mphindi zinayi. Anawaika kumudzi kwawo, kufupi ndi Mkaika. A Mwale anayankhula pamanda, anati malemuwa anali munthu wolimbikira ntchito. Ndinafuna kutola dothi n'kuwagenda nalo. Koma ine ndinali ndani? Ndinakhala kumbuyo ndi amayi otunga madzi, ndipo kwa akazi awo ndinangoti pepani, ngati wina aliyense.

Sabata yatha Esinati anabwera kusikelo ndi mwana uja. Ndi wamkazi, wonenepa, wovuta ngati chiyani. Ndinalemba nambala, mbiri inatseguka. Mzere wofiira ulipo. Ndinali ndisanayang'anepo kumunsi kwake, pamene kompyuta imaonetsa amene analemba. Dzina langa palibe. Pali G. Mbewe, ndi deti la Lachisanu lija. Ndinafuna kumuuza mayiyo kuti, mukuona dzina ili? Koma mwana ankalirira nsapato yake, kumbuyo mzere unali wautali, ndipo Esinati anatenga kapepala kake n'kupita.

Lachitatu lapitali ndinapita ku Katete kukasiya mafomu, ndinapempha kiyi wa kachipinda kaja. Anachita kumufunafuna. M'katimo mukuzizira, Bambo akungolira chapansipansi monga kale. Msomali umene ankakolekapo jekete ulipo. Kabotolo ka kabatire kakufa kali pawindo, kangaude atalukapo. Mpando uli ndi fumbi, koma umenewo unkakhala ndi fumbi ngakhale iwo ali moyo. Buku la sukulu lija lili m'dirowa. Mzere womaliza ndi dzanja lawo lopendekeka: Ndazula Bambo 10 koloko. Mayi atola. Ndabwezera. Kumunsi kwake mizere yonse ndi yoyera.

Ndinakweza maso kuthabwa. Ka Bambo kakuyaka. Ka Mayi kakuyaka. Kachitatu n'kozima.

Mwina ndi babu chabe lapsa. Ndinafunsa pakhonde, palibe anadziwa kuti kanazima liti. Wina anati sanadziwenso kuti pali timagetsi m'menemo. Ndinabwerera m'kachipindamo, ndinatulutsa foni, ndinaimba ku Vubwi. Inaitana nthawi yaitali. Mpando unali pomwepo kumbuyo kwanga, koma sindinakhale.